Nyumba yoyenda pa matayala: tiwerenge mtengo tisanasonkhe

Ife okhala mu Livingstone tinazolowera kuona zinthu zimene anzathu a m'matauni ena amangozimva. Mukaima m'mbali mwa mseu wa Mosi-oa-Tunya m'miyezi yozizira, kuyambira June kufikira August, mudzaona mamotoka aakulu akutsikira ku mathithi, ena ali ndi manambala a ku South Africa, ena a ku Namibia, ena a ku Ulaya kwenikweni. Pamwamba amangapo matayala ndi njinga, m'mbali muli zenera lokhala ndi nsalu ngati la kucipinda cogona. M'kati muli bedi, sitovu ya gasi, firiji, thanki ya madzi, ndipo ena ali ndi kacimbudzi komwe. Eni ake amaicha motorhome, koma ife pano tiziicha nyumba yoyenda.

Sabata latha, Misa yaciwiri itatha, nyumba yoyenda imeneyi inalowa mu msonkhano wa parishi yathu. Mnyamata wina wa m'kwaya, amene agwira nchito pa malo ena pamene alendo otere amagona m'mbali mwa Zambezi, anaimirira ndi maganizo amene anakometsa anthu m'khutu. Anati alendo aja amazungulira maiko ambiri osalipira hotela kapena kugula cakudya ca m'malesitilanti, cifukwa amagona ndi kuphika m'motoka mwao. Ndiye bwanji ife, amene timalira ndi mtengo wa basi nthawi zonse tikamva maliro Kum'mawa, osatenga zopereka za masika a caka cino, kuonjezerapo msonkho wa mphakati uliwonse, ndi kugula Rosa yakale? Ticotsemo mipando yakumbuyo, tiikemo matiresi, mbaula ndi mapoto, basi ulendo wachipa. Anthu anaomba m'manja. Amai ena okalamba anafika poyimba nthungululu.

Ine sindinaombe m'manja. Ndinapempha a wakumpando kuti nkhaniyi iyembekeze msonkhano wa mwezi wa mawa, ndipo ena anandiyang'ana ngati ndathira mcenga m'nsima. Ndalemba pano cifukwa ndamva kuti maganizo otere ali m'maparishi ena ndi m'makopaletivu a alimi, ndipo ndalama zimene zikukambidwa ndi za anthu amene anazipeza ndi khasu.

Poyamba ndivomere kuti vuto limene mnyamata uja anachula ndi loona. Ambiri a ife amene tiwerenga tsamba lino makolo athu anacokera ku Petauke, Katete, Chadiza, Chipata ndi Lundazi. Anabwera kuno kudzagwira nchito ya njanji, ya matabwa ku Zambezi Sawmills, ndipo pambuyo pake m'mafakitale monga ija yomanga mamotoka a Fiat ndi ija ya mawailesi ya ITT Supersonic. Mafakitale aja anatsekedwa, koma ife tinatsala, ndipo mizu yathu ikali Kum'mawa. Kucoka kuno kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 470. Kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi ena pafupifupi 570. Munthu wopita kukaika mai wake ku Chipata ndi kubwerako amayenda makilomita opitirira 2,000. Ukwati, maliro, kudzozedwa unsembe kwa mwana wa kwathu, Nc'wala ku Mtenguleni mu February, Kulamba ku Mkaika mu August, zonsezi zimatiitana, ndipo thumba limalira. Amene afuna njira yocepetsera mtolo umenewu sanalakwe. Funso ndi lakuti kodi njira imene wasankhayo icepetsadi mtolo kapena iuonjezera.

Tiyeni tione kumene kuchipa kwa nyumba yoyenda kumacokera. Tsiku lina ndinaceza ndi bambo ndi mai okalamba amene anaima ndi motoka yotere pafupi ndi chalichi kufunsa nthawi ya Misa. Onse awiri anapuma nchito, ana ao anakula, ndipo anali pa ulendo wa miyezi inai. Ndinawafunsa funso lomweli. Bambo uja anaseka nati motoka yao imamwa dizilo ngati ng'ombe yocokera ku dambo louma, ndipo imene imawapulumutsa ndi bedi. Anthu ngati iwo akadayenda popanda motoka ija, usiku uliwonse akadalipira cipinda mu hotela, ndipo katatu pa tsiku akadalipira cakudya cophika ena. Pa miyezi inai amenewo ndi mausiku oposa 120. Pa mausiku onsewo iwo amangolipira kamalo koimikapo motoka, madzi ndi magetsi, ndipo ndiwo amagula okha pa msika. Mukaphatikiza zimene apulumutsa usiku uliwonse kwa miyezi inai, zimakhaladi ndalama zambiri.

Koma motoka ija ikangoyamba kuyenda, ndalama zimayamba kutuluka. Ndi yolemera cifukwa inyamula madzi, mipando, makabati ndi zitsulo za nyumba, conco imadya mafuta kuposa galimoto wamba. Akafika pa malire, kaya pa ulalo wa Kazungula umene unatsegulidwa mu May 2021, kaya pa ulalo wakale wa Victoria Falls wa mu 1905, amalipira msonkho wa utsi, inshuwalansi ya dziko lino ndi ndalama ya mseu. Ikaonongeka, sipeya yake siipezeka pa msika wa Maramba. Ndipo pali ndalama yaikulu kuposa zonse, imene mlendo saichula pokamba za kuchipa: mtengo umene anagulira motokayo, umene ukutsika caka ndi caka ngakhale itangoima pa bwalo.

Cotero lamulo lake ndi ili: nyumba yoyenda imasunga ndalama usiku, ndipo imadya ndalama masana. Imakomera munthu amene ali ndi mausiku ambiri ndi makilomita ocepa pa tsiku, amene angaime pa malo amodzi sabata lathunthu akuonera mvuu, ndiponso amene akadapanda iyo akadagona mu hotela.

Tsopano yang'anani ulendo wathu. Uli ndi makilomita ambiri ndi mausiku ocepa. Tikamva maliro Laciwiri, tifuna kufika Lacitatu usiku, kuika Lacinai, ndi kubwerera kuti Lolemba tikhale ku nchito kapena kumunda. Ndipo ndani wa ife amene anagonapo mu hotela popita ku maliro? Tikafika ku Lusaka timagona kwa mlamu ku Kanyama kapena kwa mwana wa alongo athu ku Mtendere. Ena timagona m'basi momwemo pa Intercity kuyembekeza kuti inyamuke m'bandakuca. Tikafika kumudzi, amuna timagona panja pa moto, azimai m'nyumba ya maliro. Ndalama ya hotela imene nyumba yoyenda imapulumutsa, ife sitinali kuilipira ndi kale lomwe. Cimene citsala kwa ife ndi mbali yodula yokhayokha, ya mafuta ndi zitsulo.

Tiwerenge pamodzi, ndipo aliyense atenge pensulo. Tiyerekeze kuti Rosa yathu yakale, yodzaza anthu ndi katundu, iyenda makilomita 7 pa lita imodzi ya dizilo. Pa makilomita 2,000 ifuna malita pafupifupi 285. Pitani pa filing'i sitesheni, muwerenge mtengo wa lita pa cikwangwani, muculukitse ndi 285. Kumbukiraninso kuti kucokera pamene boma linacotsa cithandizo pa mtengo wa mafuta mu December 2021, ndipo bungwe la ERB linayamba kuunikanso mitengo mwezi ndi mwezi mu 2022, mtengo umene munawerengera posonkha suli wotsimikizika kuti ndi umene mudzaupeze tsiku la ulendo. Onjezeranipo ma toll gate: pali cipata ca ku Choma, ca Shimabala musanalowe mu Lusaka, ca Chongwe, ca Katete ndi zina, ndipo ciliconse mulipira popita ndi pobwera. Onjezeranipo malipiro ndi cakudya ca dalaivala. Ulendo wautali conco ufuna madalaivala awiri ngati tikonda moyo wathu, ndipo onse akhale ndi laisensi yonyamula anthu.

Zimenezi ndi za ulendo umodzi cabe. Motoka ikakhala yathuyathu, pali zina zimene zimabwera kaya tayenda kaya sitinayende: msonkho wa mseu ndi pepala la fitinesi ku RTSA, inshuwalansi, batire limene limafa motoka ikakhalitsa osalizidwa, matayala amene amang'ambika ndi dzuwa la kuno la October, ndi mlonda woiyang'anira usiku. Parishi yathu pa caka imakhala ndi maulendo aatali awiri kapena atatu. Miyezi ina yonse motoka idzakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo, ikudya ndalama ili cigonere. Wina adzati tiziibwereketsa kuti izipanga ndalama. Pamenepo ndiye kuti parishi yayamba bizinesi ya mabasi, ndipo tiyenera kufunsana moona mtima ngati tili ndi munthu wodziwa nchito imeneyo, ndi amene adzayankha mlandu tsiku limene ndalama za motoka sizidzaoneka m'buku la msungicuma. Ndakhala katekisiti zaka zambiri, ndipo ndaona mipingo ing'onoing'ono ikugawanika cifukwa ca cigayo, cifukwa ca njinga, ngakhale cifukwa ca mapoto a ukwati. Motoka ndi yaikulu kuposa zonsezi.

Pali cinanso cimene oomba m'manja aja sanacione. Rosa imanyamula anthu osakwana 30. Kuchipa kwa motoka ya gulu kumacokera pa kuculuka kwa anthu ogawana mtengo. Mukacotsa theka la mipando kuti muike matiresi, mwacotsanso theka la anthu olipira, koma dizilo ndi yomweyo ndipo ma toll gate ndi omwewo. Aliyense wotsala alipira kawiri. Matiresi amene tinaika kuti ulendo uchipe ndiwo akweza mtengo. Ndipo munthu wogona pa matiresi motoka ikuthamanga alibe comugwira tsiku limene dalaivala adzaponda mabuleki mwadzidzidzi pa mapiri a Munali. Za mbaula ndisacite kubisa mau: makala oyaka m'motoka yotseka mazenera amatulutsa mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Usiku wozizira wa July, wina adzati tiilowetse pang'ono cabe kuti ana afunde.

Sindikamba zongoganizira. Mu January 2019 tinataya mkulu wina wa mphakati wathu, ndipo banja linafuna kukamuika kwao kupitirira Petauke. Thupi linatsogola ndi galimoto ina. Ife operekeza tinapangana kubwereka minibasi kwa munthu wina wa m'tauni muno. Analembetsa maina anali 26, ndipo tinagawa mtengo pa anthu 26. M'mawa wa ulendo anafika 17. Wina mwana wadwala, wina abwana amukaniza, wina foni yazima. Mwini motoka sanatsitse mtengo ngakhale ngwee imodzi, ndipo sindimuimba mlandu, cifukwa mseu sufupika anthu akacepa. Aliyense wa ife 17 analipira gawo lake ndi theka lina pamwamba. Pamenepo tikiti ya basi inali itachipa kale kuposa zimene tinapereka.

Popita tinayenda bwino. Pobwera, titadutsa Kacholola kulowa m'mapiri aja otsikira ku Luangwa, injini inatentha ndipo motoka inaima. Foni inali kugwira pokhapokha munthu akakwera pa culu. Dalaivala anakwera lole kupita ku Lusaka kukafuna sipeya ndi makanika, ife tinatsala. Tinagona m'motoka mausiku awiri, mvula ikugwa, udzudzu ukuimba. Tinali ndi mapoto ndi ufa, inde, ndipo tinaphika m'mbali mwa mseu monga mmene mnyamata wa m'kwaya akufunira. Ndinganene kuti nyumba yoyenda ndinagonamo kale, ndipo sindinaone kukoma kwake. Mabasi akuluakulu anali kutidutsa, anthu ali m'kati akutiyang'ana pa zenera. Pa tsiku laciwiri anai a ife anataya mtima, nakwera basi ndi ndalama zina zapadera, kulipira ulendo umodzi kawiri. Ndalama ya sipeya tinasonkhanso ife, cifukwa mwini motoka anati alibe, ndipo pangano lathu linali la pakamwa.

Cimene cinandiwawa koposa ndi ca bambo wina mlimi wa ku Kazungula amene tinali naye. Anasiya cimanga cake cikufuna kupalira ndi kuthira fetereza wa pamwamba. Anawerengera masiku anai, anakhala asanu ndi awiri. Mu January masiku atatu si ocepa: udzu suyembekeza munthu amene ali pa maliro. Masiku amenewo sanalembedwe pa pepala lililonse la ndalama za ulendo, koma anaonekera m'nkhokwe yake mu May.

Apa ndi pamene basi ya tsiku ndi tsiku imapambanira. Mukagula tikiti, mwagula mpando umodzi cabe. Mafuta, matayala, inshuwalansi, malipiro a dalaivala ndi ma toll gate zagawidwa pa anthu makumi asanu kapena kuposa, ndipo basiyo iyenda tsiku lililonse, conco mtengo wake wogulira umagawidwa pa maulendo mazanamazana. Mnzanu akalephera kubwera, tikiti yanu siikwera. Basi ikaonongeka pa njira mudzacedwa ndi kudandaula, koma sadzakuuzani kuti musonkhe ya giyabokosi. Mukanyamuka kuno m'mawa, kudzera Zimba, Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka ndi Kafue, mufika ku Lusaka dzuwa likali m'mwamba, mugona, ndipo m'mawa mwake mukwera ya Kum'mawa. Sindikuti mabasi alibe zolakwa. Kuthamanga kwa madalaivala ena kwatilanda abale ambiri, ndipo ndi ngozi zotere zimene zinacititsa boma mu 2016 kuletsa mabasi kuyenda usiku. Pa nyengo ya Khrisimasi ndi potsegulira masukulu mipando imasowa, ndipo katundu amalipiritsa padera. Koma pa funso la mtengo, munthu mmodzi kapena awiri kapena asanu sangapeze motoka yaoyao imene ingachipe kuposa mipando ya basi pa mtunda wotere.

Ena adzakumbutsa za sitima, ndipo ife ana a anthu a njanji timaikonda. Kuyambira kale sitima ya anthu yocoka kuno kupita ku Lusaka ndi ku Migodi yakhala yochipa kuposa basi, ndipo imalola katundu wambiri, koma imafuna munthu wosathamangira nthawi. Kwa wopita kukaona ana pa chuthi ingathandize, atayamba wafunsa ku sitesheni tsiku limene iyenda. Kwa wothamangira maliro siithandiza. Ndiponso ithera pa theka la ulendo wathu, cifukwa palibe njanji yocoka ku Lusaka kupita Kum'mawa. Njanji imene inafika ku Chipata mu 2010 inacokera ku Mchinji m'dziko la Malawi.

Kodi ndiye kuti kubwereka motoka ya gulu ndi kulakwa nthawi zonse? Iai. Pali nthawi zimene ndi njira yanzeru. Ngati mwanyamula thupi la malemu, basi siingakuthandizeni. Ngati kumene mupita ndi kutali ndi tala, kumene mukatsika basi mudzalipiranso galimoto ina kapena njinga zamoto aliyense payekha, motoka imodzi yokafika pakhomo ingachipe. Ngati kwaya yonse ipita ndi ng'oma zake, mipando yonse yadzaza ndipo aliyense walipiratu, mtengo wa munthu mmodzi ungatsike kufika pansi pa tikiti. Ngati pobwera mudzanyamula matumba a nshawa ndi cimanga amene acibale akupatsani, zimenezonso ziwerengedwe. Koma zonsezi zikunena za kubwereka pa ulendo umodzi, ndi kubweza motoka kwa mwini wake pobwera kuti zodetsa nkhawa za fitinesi ndi batire zikhale zake. Kugula ndi nkhani ina.

Inu alimi anzanga mudziwa kale zimenezi kuposa ife a m'tauni. Amene mumapita ndi tomato, anyezi kapena kabichi ku msika wa Soweto ku Lusaka mumagona pa Canter pamwamba pa mabokosi, cifukwa simungasiye katundu. Kumeneko kugona m'motoka kuli ndi cifukwa cake. Koma mudziwanso kuti Canter yopita yodzaza ndi kubwera yopanda kanthu imadya phindu lonse, ndipo n'cifukwa cake mumasonkhana atatu kapena anai kudzaza motoka imodzi, ndi kufunafuna katundu wobwera naye monga fetereza kapena malata. Nzeru yomweyo, yakuti motoka imachipa ikadzaza mbali zonse ziwiri ndipo imadula ikaima, ndi imene ndikupempha kuti tibwere nayo ku msonkhano wa parishi. Ndikupemphaninso cinthu cimodzi: Canter ndi ya katundu. Tisakweze azimai ndi ana kumbuyo kwake pa ulendo wa makilomita mazanamazana cifukwa cakuti yachipa. Funsani mwini wake ngati inshuwalansi yake iwerengera anthu okhala kumbuyo, ndipo muone mmene adzayang'anira kumbali.

Tisaiwalenso kumene ndalama za masika zicokera. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, ndipo ife a cigawo ca Kum'mwera tinaona minda ikuuma cimanga cisanamasule. Mabanja ambiri anagulitsa mbuzi ndi ng'ombe kuti agule ufa, ndipo ena sanabwezerebe ziweto zao. Mai wamasiye amene abweretsa thini la cimanga pa guwa tsiku la masika wacotsa pa cakudya ca adzukulu ake. Ngati titenga thini limenelo ndi kuligulira motoka yakale imene eni ake aigulitsa cifukwa yawatopetsa, tiyenera kukhala okonzeka kumuyang'ana m'maso tsiku limene idzakhala pa miyala yopanda matayala. Ambuye Yesu mu Uthenga Wabwino wa Luka, mutu 14, anakamba za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi ndi kuwerenga ngati ndalama zake zidzakwana, kuopa kusekedwa atasiyira pa maziko. Anali kuphunzitsa za mtengo wa kumutsata, koma citsanzo anacitenga pa nzeru imene mlimi aliyense ali nayo.

Tsono ngati vuto ndi loona ndipo motoka si yankho, ticite ciani? Ine ndiona kuti cimene alendo aja amanyamula pa matayala, ife tili naco kale m'mbali mwa mseu wonse. Kucoka kuno kufika ku Chipata mudutsa m'madayosizi anai: Livingstone, Monze, Lusaka ndi Chipata. M'matauni onse akuluakulu a pa njira muli parishi, ndipo maparishi ambiri ali ndi holo, madzi ndi malo ophikira. Pamene ndinali ku seminale yaing'ono, tinali kuyenda ndi kalata ya abambo m'thumba, ndipo kalata imeneyo inali kutitsegulira zitseko kumene sitinali kudziwa munthu. Mwambo umenewo tinausiya tokha. Gulu likafuna kuyenda, abambo a parishi kapena a wakumpando alembere kapena aimbire foni parishi ya pa njira kukali masiku, kupempha malo ogona usiku umodzi. Ife tinyamule mphasa, mabulangete, ufa ndi ndiwo zathu, tisiye holo ili yosesa, ndipo tisiyepo kandalama ka madzi ndi magetsi. Akulu anati mlendo ndi mame, conco tisakhalitse kapena kulemetsa otilandira. Nafenso titsegule holo yathu kwa akhristu a ku Mongu kapena a ku Chipata akabwera kuno, m'malo mowayang'ana ngati adzatidyera.

Caciwiri, ndalama imene tikadagulira motoka tiike m'thumba la maulendo a maliro, losungidwa ku banki, losainira anthu atatu, ndipo lipoti lake liziwerengedwa poyera miyezi itatu iliyonse. Mkhristu akaferedwa Kum'mawa, thumba limugulire tikiti yopita ndi yobwera, pamodzi ndi anthu awiri kapena atatu oimira mphakati. Ndidziwa kuti mau awa ndi olemera, cifukwa kwathu maliro ndi anthu, ndipo palibe amene afuna kumveka kuti anawerengera ndalama pa imfa ya mnzake. Koma taganizani za banja loferedwa kumudzi limene lilandira anthu 26 ocokera ku Livingstone, onse ofuna nsima masiku atatu. Nthawi zina anthu atatu ofika ndi cipepeso cokwanira kugula bokosi ndi matumba a ufa amatonthoza kuposa basi yodzaza ndi anthu amene ndalama zao zonse zathera mu thanki. Otsala tingasonkhane pa nyumba ya woferedwa kuno, kupemphera korona ndi kupereka Misa, ndipo cipepeso cina citumizidwe pa foni.

Cacitatu, tsiku limene tidzafunadi kubwereka motoka, tizicita zinthu zinai tisanakweze cikwama. Tifunse mtengo wa tikiti ya basi ya tsiku limenelo, popita ndi pobwera, kuti tikhale ndi poyerekezera. Tigawe mtengo wa motoka pa anthu amene alipira kale, osati pa maina olembedwa. Tilembe pangano ndi mwini motoka lonena amene adzalipira ikaonongeka pa njira, ndi amene adzatibweza kwathu ikakanika. Ndipo tione ndi maso athu mapepala a fitinesi, inshuwalansi ndi laisensi ya dalaivala. Safunsa anadya phula.

Kwa mnyamata wa m'kwaya uja ndilibe mau oipa. Anaona cinthu ku nchito kwake, naganizira parishi yake, ndipo acinyamata otere ndi ofunika. Ndamupempha kuti pa msonkhano wa mwezi wa mawa tidzakhale pamodzi kutsogolo ndi coko ndi bolodi. Iye adzabwere ndi mtengo wa Rosa imene anaipeza ndi mtengo wa dizilo wa tsiku limenelo, ine ndidzabwera ndi mtengo wa tikiti ya ku Chipata, ndipo msungicuma adzatiuze maulendo aatali amene parishi inayenda pa zaka zitatu zapitazi. Tidzawerenga pamaso pa onse. Masamu akadzaonetsa kuti ndalakwa, ndidzakhala woyamba kupereka thumba langa la cimanga. Ndipempha alimi a m'mipingo ya kumidzi, amene nthawi zambiri amabwerera msanga Misa ikatha kuti akamasule ng'ombe, kuti tsiku limenelo adzatsale, cifukwa cimanga cimene cidzakambidwa ndi cao.